Pamene Njira za Phulusa Zinakhota

Lolemba, 19 Juni 1978

Nkhungu tsiku lonse. Zala kukanika kugwira pensulo. Komabe mapu a malo atsopano atha: msika, nyumba za aphunzitsi ndi azaumoyo, misewu iwiri yowongoka ngati rula, mjigo pansi pa mitengo ya masuku pafupi ndi dambo. Zaka zinayi ku yunivesite, mlangizi wa chitukuko wa Dambe yense, koma woyamba kuyendera ntchito yanga ndi nkhuku ya eni nyumba. Yapondapo pa msika.

Galimoto yokumba mjigo ifika pa 10 Julaye. Ikumba kamodzi, pamene ndakhoma chikhomo, kenako ulendo wa ku Matope. Sibweranso.

Lachinayi, 22 Juni

Msonkhano. Abambo pa mabenchi, amayi pansi kumbuyo. A Gerishon, tcheyamani wa nthambi ya chipani, anagwira mapu mozondoka n'kunena kuti ndi okongola kwabasi. Msika, m'manja. Misewu, m'manja. Nditatchula pokumba mjigo, zii. Mayi wina anatsokomola. Ndinafunsa katatu ngati pali chovuta. A Gerishon: "Ophunzira ndinu, bwana." Ndalemba kuti onse agwirizana.

Potuluka anandiimitsa a Mailesi, mphunzitsi wa Sitandade 4, amene lilime lawo likanatha kusenda mbatata. "A Digiri, kodi madzi kuno amatunga ndi komiti?" Akufuna kuti pa chikondwerero cha 6 Julaye ana aumbe mudzi wonse ndi dongo, asonyeze mmene akufunira malo atsopanowo. Ine kukafunsa nzeru kwa anthu a mamina. Ndavomera chifukwa alendo a ku boma amakonda zowombera m'manja, ndipo dongo silingalankhule zolakwika.

Lachiwiri, 27 Juni

Chikhomo changa chazulidwa. Ndachipeza chitagonekedwa bwinobwino pa mwala, dothi atalipukuta. Mbuzi za kuno zili ndi ulemu. Ndakhomanso.

Loweruka, 1 Julaye

Kusukulu, kukaona akatswiri anzanga. Dongo mpaka m'makutu. Zitsononkho ndiye nyumba, zibiriti zopanda kanthu ndiye magolosale. Fackson, wa zaka zisanu ndi zinayi, akufuna bwalo la ndege kuseri kwa tchalitchi. Ndamuuza kuti ndikambirana ndi unduna. Anyamata akuti bwalo la mpira ndaliika potsetsereka, timu yakumtunda izingopambana. Atsikana akuti chitseko cha chimbudzi cha sukulu chayang'ana kumsewu, munthu aziwerengedwa ndi odutsa.

Ndabwera kudzayang'ana pa mapu. Chayang'anadi kumsewu. Ndakwiya madzulo onse.

Lamulo la a Mailesi: pa tsikulo mwana aliyense atenge phulusa kumanja, alembe njira imene amayenda kuchokera kwawo kupita kusukulu, kuchigayo, kudambo. Ndinati njira zili kale pa mapu. Iwo: "Zimenezo ndi za rula wanu. Rula sasenza ndowa."

Chikhomo chazulidwanso. Mwala womwewo.

Lachinayi, 6 Julaye

Mbendera, kwaya, amayi kuvina mpaka fumbi kulowa m'mano. Zolankhula zinayi, zonse zofanana, ndipo zonse zinali zabwino kwambiri (buku ili likhoza kugwa m'thumba). Manachesi dengu lathunthu kwa alendo. Ine limodzi, lowawasa.

Kenako mudzi wa ana pakati pa bwalo. Ndivomere, unali wokongola. Ngakhale galu wa a Gerishon analipo, wadongo, wonenepa kuposa galu weniweniyo. Ana makumi anayi anawaza phulusa lawo mmodzimmodzi. Njira zokhotakhota, kudutsa m'minda ya anthu, kulambalala nyumba ya agalu olusa, zonse kukathera pa mtengo wa mango umene ine ndinaulemba kuti udulidwe.

Ine ndinatulutsa chitsekerero cha botolo, mjigo wanga, n'kuchiika pa masuku. Apo ndi pamene ndinaona. Phulusa paliponse, koma pamenepo ayi. Njira zonse zikafika pafupi zimakhota, zina kumanja, zina kumanzere, kusiya dothi loyera kukula ngati lichero. Chitsekerero changa chili pakati, chokha.

Kamtsikana kena, Tryness, kanagwada, kanatola chitsekererocho ndi manja awiri n'kuchiika kutsidya, pafupi ndi mango. Pamaso pa alendo. Ndinati, mwaulemu wa munthu wa digiri, mwanawe bwezera. "Iyayi bwana, apo sitiponda. Pagona mng'ono wanga."

Alendo anali akusenda manachesi, sanamve. Amayi anamva. Ng'oma inayambanso msanga kwambiri.

Lachisanu, 7 Julaye

A Mailesi andifotokozera, lero opanda nthabwala. Pa masuku paja ndi pamene amayi amaika ana obadwa atapita kale, ndi amene amwalira asanatuluke m'chikuta. Amapita amayi okhaokha. Palibe kulira, palibe mtanda, palibe mulu. Abambo sapitako ndipo nkhaniyo sailankhula, kaya pa msonkhano kaya pa mowa. Amayi nawo sangaitchule pamaso pa amuna, makamaka mwamuna wachilendo wovala tayi. Chikhomo ankazula ndi amayiwo, akuyembekeza kuti munthu wophunzira amva.

Ndinafunsa a Mailesi chifukwa chimene sanangondiuza iwowo. "Ine ndine wa ku Mulanje, ndabwera chaka chatha. Ndinangoona kuti ana anga popita kudambo amazungulira. Inu munaona chiyani?"

Ndinaona kuti m'posalala ndipo madzi ali pafupi. Ndikanakumba. Mjigo wokongola, wopakidwa utoto, wopanda mayi ndi mmodzi yemwe wotungapo.

Lamlungu, 9 Julaye

Titaweruka ku tchalitchi ndasamutsa chikhomo, mayadi mazana awiri, pafupi ndi mango. Madzi angakhale akuya pamenepo. Akapanda kupezeka, mlandu ndi wanga, ndipo kwatsala kunditumiza kumene kulibe ngakhale nkhuku yoponda mapu.

A Gerishon anabwera okha ndi hamala. Tinakhoma tonse awiri. Pomaliza, akuyang'ana kwina: "Pano m'pabwino, bwana. Mphepo yake." Tryness ndi mwana wawo. Ndadziwa lero.

Mu lipoti ndalemba kuti malo oyamba anali ndi thanthwe. Mango akhala. Chimbudzi chatembenuka. Bwalo la ndege likudikira unduna.

Lachitatu, 12 Julaye

Madzi, tsiku lachitatu, titayamba kale kuyang'anana. Amatope kaye, kenako oyera. Amayi nthungululu, ndowa mzere mpaka kumsewu wanga wowongoka, umene palibe akuyendamo. A Mailesi akuti digiri ndigawane ndi Sitandade 4. Ndati abwere ndi lumo.

Pobwerera ndinazindikira kuti nanenso ndazungulira masuku aja.

Kwathu njira ya kumtsinje inkakhota pa nsungwi popanda chifukwa. Chaka chimene ndinayamba sukulu amayi anali oyembekezera, kenako sanalinso, ndipo palibe ananena kanthu. Ndinkathamanga patsogolo ndi kandowa kanga, iwo n'kumati, Herbert, dzera uku.

Ndiwalembere kalata. Koma ndiyamba bwanji