Dothi la amake mapasa lasiya kuwawasa

Msonkhano wa komiti ya gulu la alimi a chamba chovomerezeka
Tsiku: Loweruka, 12 Okutobala
Malo: m'shedi yoyanikiramo masamba
Analipo: Wapampando, Mlembi, Alangizi, amake mapasa, a Kalipentala, a Dziwazonse
Sanabwere: a Telala (dzino lawavuta)

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 9 koloko m'mawa. A Kalipentala anapemphera mwachidule, monga anachenjezedwa.

2. Zotsala
Wapampando anakumbutsa kuti mbande zipatsidwa kwa okhawo amene dothi lawo lili pakati pa 6 ndi 7 pa muyeso wa pH. Mu Ogasiti munda wa amake mapasa unali pa 5.1. Alamu awo anawauza kale kuti akapanda kubzala chaka chino, munda umene anasiya malemu amuna awo aulanda.

3. Zotsatira za kuyezanso
Alangizi anafotokoza kuti dothi likatsika pansi pa 6 ndiye kuti lawawasa, ndipo mizu imalephera kuyamwa chakudya ngakhale muthire feteleza thumba lathunthu. Mankhwala ake ndi laimu.

A Kalipentala anaulula kuti atamva zoti dothi lawo likuwawasa anathiramo shuga. Anati nyerere zinathokoza kwambiri. Pambuyo pake anathira laimu, ndipo afika pa 6.1.

A Dziwazonse anathira laimu wowirikiza kawiri, ati kuti zifulumire. Dothi lawo lalumphira pa 7.9. Iwo anati chipangizo choyezera n'chabodza. Wapampando anati kuthamanga sikufika, ndipo anawapatsa mwezi umodzi kuti athire manyowa.

Amake mapasa anati laimu sanamupeze. Kwa masabata asanu ndi limodzi akhala akututa phulusa la mu uvuni wawo wa buledi, beseni limodzi patsiku, n'kumawaza pang'onopang'ono. A Dziwazonse anafunsa ngati munda wasanduka dzala. Wapampando analamula kuti funsolo lichotsedwe, koma Mlembi anali atalemba kale.

Alangizi anasungunula dothi la amake mapasa m'kapu ya madzi oyera, n'kuviikamo chipangizo. Mlembi avomereza kuti mtima unali m'malere.

"Sikisi poyinti folo," anatero Alangizi.

"Achimwene, tawerenganinso. Musandinamize ine," anatero amake mapasa.

Alangizi anawerenganso. Zimene zinanenedwa m'mphindi zisanu zotsatira sizinalembedwe, chifukwa Mlembi naye anali kuvina. Benchi limodzi linathyoka mwendo, ndipo a Kalipentala alonjeza kulikonza. Komiti inagwirizana kuti amake mapasa alandire mbande zawo Lolemba. A Dziwazonse nawo anakweza dzanja, ngakhale mochedwerapo.

4. Nkhani zina
Amake mapasa anapempha kuti nambala yawo ilembedwe mokulitsa m'buku lino, pakuti zilembo zimawavuta koma manambala amawerenga okha. Anapemphanso kubwereka bukuli madzulo ano. Wapampando anati buku la komiti silituluka m'shedi. Koma kenaka anati alinyamula okha, awaperekeze mpaka pakhomo pa alamu awo.

6.4

5. Kutseka
Msonkhano wina udzakhala pa 9 Novembala, malo omwewa. Wapampando anatseka msonkhano 11 koloko, buku lili kale m'khwapa.

Wapampando: ____________

Mlembi: ____________