Pansiti ya Tsiku la Yeukai

Komboni ya pa Pulazi,
Darwendale.
14 Meyi 2024

Okondedwa achemwali Lestina,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Joniko. Ife kuno tilipo, kungoti nyumba yazizira. Ndasankha kulemba chifukwa mukundidziwa, ndikangomva mawu anu pa foni mayunitsi amathera kulira. Musadzizunze mumtima kuti simunabwere kudzaika achimwene Collen. Tonse tikudziwa za mapepala anu, kuti mukangodutsa pa Beitbridge simungabwererenso ku ntchito. Amayi nawo akudziwa, ngakhale sanena.

Maliro anayenda bwino. Abwana anatipatsa thirakitala, a mpingo anaimba mpaka mawu kusasa. Zimenezo munaona pa zithunzi. Chimene simunaone ndi nkhani ya amayi ndi alamu athu a ku Philippines, a Marivic, akazi a Collen, amene anafika ndi bokosi la maliro kuchokera ku Dubai atagwira kamtsikana kawo Yeukai pa dzanja.

Yeukai ndi Collen weniweni, achemwali. Mphumi, kampata ka pamano, ngakhale kayendedwe kopotoza phazi kaja. Komboni yonse inkamulimbirana, koma amayi ayi. Chifikireni mwanayo sanamunyamulepo, sanamugwirepo ngakhale tsaya. Akabwera pafupi nkuitana kuti "Gogo," amayi ankayang'ana kumbali ngati akusaka nkhuku yosochera. Nditawafunsa anandiyankha kuti, "Shylet, anzathu achishona amati mwana ndi wa bambo. Ife kwathu mwana ndi wa kwa make. Ndimuzolowerenji mwana woti mawa akwera ndege? Ndalira mmodzi, zakwana."

Alamu Chichewa sakumva, koma nkhope ya munthu siifuna womasulira. Tsiku lina tikuchapa ku chibhorani, pa mjigo paja, anandiuza m'Chingerezi kuti akapita kwawo kwa amayi awo, kuno sadzapondanso, chifukwa safuna kuti mwana akule akudziwa kuti kwa bambo ake sakufunidwa. Mtima wanga unasweka. Ndinaona kuti Collen timutaya kawiri, koyamba kumanda, kachiwiri pa eyapoti. Anali oti anyamuka Lamlungu la sabata yomweyo.

Loweruka lake Yeukai ankakwanitsa zaka zisanu. M'mawa alamu anatsegula sutikesi natulutsa kabotolo ka sosi wakuda wa soya ndi paketi imodzi imene anaikulunga m'juzi. Munali timitolo ta tizingwe ta ufa wa mpunga, toyera, touma, toonda ngati ulusi. Anati chakudya chake chimatchedwa pansiti, kwawo pa tsiku lobadwa la mwana sichilephera, ndipo Collen ankachikonda moti ankanyambita mbale.

Vuto linali mwambo wathu. Mukudziwa kuti mkazi wofedwa mwamuna sagwira mphika kapena kuthira mchere tisanamete. Amayi atamva kuti alamu akufuna kuphika ananena kamodzi kokha, "Sosi wakeyo ndi mchere womwewo. Akufuna tidwale mdulo?" Ndinawamasulira alamu mozembazemba, ndikuganiza kuti akwiya. Iwo anangogwedeza mutu nati, "Palibe kanthu, Tete. Manja akhale ako, pakamwa pakhale panga." Amandiitana Tete, azakhali m'Chishona, potengera mwana.

Tinakoleza moto panja. Mapoto athu sanawakhutitse, ankafuna chinthu chotambalala, ndiye ndinakatulutsa gango lija abambo anaotcherera kuchokera ku chimbale cha pulawo. Ataliona anamwetulira koyamba chifikireni. Ndinapha tambala, ndinamuwiritsa ndi anyezi, nyama nkuinyotsola tizidutswa, msuzi nkuusunga pambali. Kabichi, karoti ndi zitheba anandidulitsa mopyapyala mpaka ndinatopa nawo. Ndikadula, iwo, "Chepetsa." Ndikachepetsa, iwo, "Chepetsanso." Ndinati mumtima, kodi kwawoko anthu alibe mano? Adyo ndi anyezi zitalowa m'mafuta fungo linafika mpaka ku mashedi a fodya, moti mai Sixpence a khomo loyandikana anabwera kudzapala moto pamene kwawo utsi ukufuka. Amayi anali pakhonde pa mkeka, atatifulatira, akuswa mtedza.

Tili mkati mophika, Yeukai anakhala pa phulusa ndi diresi lake loyera. Alamu ananyamuka kukamusintha, nandisiyira mawu akuti ndiviike tizingwe tija m'madzi kuti tifewe. Ndinayang'ana beseni, ndinayang'ana timitolo, timitoloto tinali tatitali kuposa beseni. Inu mukudziwa mmene timachitira ndi supageti wa pa Khirisimasi, timathyola pakati kuti alowe mu poto, nkuthyolanso kuti ana asavutike ndi supuni. Manja angawa, ozolowera kuthamanga posankha fodya, sanafunse munthu. Phwa, phwa, phwa. Ndinkadziona ngati ndathandiza kwambiri.

Atabwera nkusuzumira m'besenimo, alamu anangokhala pansi pa dothi pomwepo. Pa maliro analira chamumtima, mpaka ena ankanong'ona kuti ndi ouma mtima. Koma tsiku limenelo analira ngati ife, mokweza, manja ali kumutu. Ndinachita mantha. Mkati mwa kulirako ndi momwe ndinamva kuti kwawo pansiti ya tsiku lobadwa sathyola ndipo sadula, chifukwa kutalika kwake ndiko kutalika kwa moyo wa mwana. Ndinamvanso kuti paketiyo anagula ndi Collen mwini wake, sabata yomwe anagwa ku ntchito ija, nkuibisa pamwamba pa kabati kudikira tsiku la mwana wake.

Achemwali, ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Amayi anaimirira. "Wamutani mwana wa eni?" Ndinafotokoza zonse, misozi ili chuchuchu. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu, kenako anafunsa, "Ndiye kuti nawonso kwawo ali nazo zosala?" Ndinati eya. "Ndipo akuopera moyo wa mwana?" Ndinati eya. Anayang'ana alamu pansi paja, kenako anandikankha ndi chigongono. "Choka apa iwe, manja ngati nyani m'chimanga."

Anapisa dzanja m'paketi napeza kamtolo kamodzi kamene kanapulumuka. Anakanyamula ndi manja awiri, nandituma beseni lalikulu lija timaviikira mphale, nkukagoneka m'madzi pang'onopang'ono. Atatero anakodola alamu kuti adzakhale pambali pawo. "Uwauze azinena, ine ndizichita."

Mukanaona, achemwali. Amayi Chingerezi sadziwa, alamu Chichewa sadziwa, koma ine womasulira sanandifunenso. Alamu ankaloza msuzi, amayi nkuthira m'gango. Ankaloza botolo, amayi nkudontheza sosi mpaka alamu atakweza dzanja. Tizingwe titalowa, amayi anaika mthiko pambali poopa kudula, natenga timitengo tiwiri tosalala nkumatembenuza mosamala mpaka msuzi wonse unalowerera, kuyera kuja nkusanduka kofiirira. Pamwamba anabwezera nyama ndi masamba, nkufinyirapo ndimu ya mumtengo wa kuseri uja. Panatuluka kambale kamodzi kokha.

Zothyoka zija alamu ankafuna kukataya. Amayi anakana. "Chakudya chogula mwana wanga sichipita kudzala. Tiphike. Zazifupizi tidya ife amene masiku athu afupika kale. Zazitalizo ndi za mwana."

Tinaphikadi, ndipo tinadya, mai Sixpence nawo anadya mpaka kupempha kowonjezera. Kukoma ndi kokoma, koma ine ndinangodyako pang'ono. Amayi mbale yawo anaisiya kaye. Anamukoka Yeukai nkumukhazika pamiyendo, nayamba kumudyetsa ndi dzanja. Ankakweza mkono m'mwamba kuti kachingwe kalowe kathunthu, uku akunena, "Usalume, Yeukai, usalume. Kokera, kokera." Mwana anamva, sindikudziwa kuti anamvera m'chinenero chanji. Anakokera mpaka msuzi unamuthira pamphuno, nkuseka kuseka kwa Collen kuja. Apo amayi misozi inatsika, koma dzanja silinasiye kudyetsa. Atakhuta anasinza, ndipo amayi anamubereka ndi zambiya, chitenje chawo chija, mwana wamkulu miyendo ili lendelende, nkumazungulira naye pabwalo mpaka dzuwa kulowa. Ndinayesa kuti ndiwalandire poopera msana wawo uja, anandithamangitsa.

Lamlungu tinawaperekeza kumsewu. Kombi itaima, alamu anawerama, natenga dzanja la amayi nkuligunditsa pamphumi pawo. Anati kwawo ndi momwe mwana amatsanzikira kholo lake. Amayi anawagwira mutu ndi manja onse awiri nati, "Famba zvakanaka, mwanangu," kuwafunira ulendo wabwino m'Chishona, mwina poganiza kuti chimenecho ndiye chapafupi ndi Chingerezi. Zoti adzabweranso sindingakulonjezeni. Ndinawafunsa, anangoti Mulungu akalola, ndipo dziko lawo tonse tikudziwa kutalika kwake. Koma mawu aja anandiuza ku chibhorani sanawabwerezenso. Anafika bwino, anaimba pa vidiyo pa foni yanga, ndipo amayi anaigwira foniyo mozondotsa mpaka Yeukai anawakonza.

Kumeta tachita sabata yathayi, a malume Joze anabwera kuchokera ku Glendale kudzatsogolera. Fodya tikumaliza kusankha, chifuwa cha amayi chachepako ngakhale kuzizira kwayamba.

Tsono pali pempho, ndipo si langa. Amayi akuti kumeneko kuli masitolo a Matchaina, mufufuze tizingwe timeneti. Pa paketi pamalembedwa kuti bihon. Akuti mukamatumiza katundu wa Khirisimasi muikemo paketi imodzi ndi kabotolo ka sosi, azisunga mpaka mwezi wa Yeukai ukwane. Ndinawafunsa kuti adzadya ndani poti mwana kulibe. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Moyo wake uli mbali ziwiri. Make aziphika uko, ine ndiziphika kuno."

Perekani moni kwa alamu ndi kwa ana onse, muwauze kuti amayi awo aang'ono akuwakumbuka. Mai Sixpence akupereka moni, a mpingo akupereka moni. Amayi akuti mudzisamale, muzipemphera, ndipo musalire nokhanokha m'nyumba. Akutinso, ndipo anandibwereza kuti ndisaiwale kulemba, mumuuze wa basi kuti paketiyo asaiike pansi pa matumba. Muikulunge m'juzi. Ifike yosathyoka.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,
Shylet