A Jerbasnik Tilipo Asanu

Podlesje, 9 Malichi

Okondedwa achimwene Stojan,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi, inu pamodzi ndi alamu anga a Cvetka ndi adzukulu onse kumeneko ku Canada. Kodi muli bwanji? Bondo lija linasiya kukuvutani, kapena mukutsimphinabe n'kumanamizira nsapato? Alamu anandiuza kuti adokotala akuletsani nyama yankhumba. Ndinawamvera chisoni adokotalawo.

Kuno tilipo bwino. Chipale chasungunuka ndipo msewu wa kutchalitchi ndi matope okhaokha. Ming'oma ya njuchi imene atate anasiya yapulumuka chisanu yonse isanu ndi iwiri, moti dzulo masana njuchi zinatuluka kwa nthawi yoyamba.

Ndikudziwa kuti mwadabwa kuona dzanja langa pa envulopu. Zaka ziwiri zatha chiikire maliro a atate, ndipo inu ndi ine tangokhala tikupatsirana moni wa Khirisimasi kudzera mwa alamu ngati anthu obwerekana khasu. Mtima wanga mumaudziwa, ine kuyamba kupepesa ndi nkhondo. Koma ndili ndi nkhani imene yandiyabwa pakamwa sabata yathunthu. Ndauza wamakalata, ndauza wogulitsa buledi, ndatsala pang'ono kuuza njuchi. Pafoni mukanandidula mawu monga mwa nthawi zonse, n'chifukwa chake ndalemba. Khalani pansi kaye.

Achimwene, tapeza kumene dzina lathu linachokera.

Mukukumbukira mmene atate ankaisimbira nkhaniyi. Ankati a Jerbasnik ndiwo anayamba kufika m'chigwa chino tchalitchi chisanamangidwe, ndipo anali amisiri oluka jerbas, dengu lija amayi ankasenzera chakudya pokadalitsa pa Pasaka. Akamwa kapu imodzi, madengu athu ankagulidwa chigwa chonse. Akamwa yachiwiri, ankafika kulinga la mabwana pamwamba pa phiri. Yachitatu, ngakhale mfumu ya ku Vienna inkadyera m'dengu lathu. Ine ndinkaseka chamumtima, koma inu munkaimeza yonse ndi mafupa omwe.

Amene wafukula zoona zake si ine ayi. Ndi Zarja, mtsikana uja ndinamutenga kudzamulera ali ndi zaka zinayi, makolo ake atalephera kumusamala. Pano ali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo wandipitirira kale msinkhu.

Mwezi watha aphunzitsi awo anawauza kuti aliyense alembe mndandanda wa makolo ake, kubwerera m'mbuyo mpaka pamene angafike. Atabwera kunyumba, chakudya sanachikhudze. Ndinamuuza kuti ngati zikumupweteka ndikalankhula ndi aphunzitsiwo amupatse ntchito ina. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana, n'kunena kuti alemba za a Jerbasnik basi.

Tinayambira kwa bambo mfumu a parishi yathu. Iwo anati mabuku akalekale a parishi anapita kosungira mabuku ku Ljubljana, likulu la dziko lathu la Slovenia. Choncho Lachiwiri lapitali tinakwera basi ya m'mawa, ine nditavala chikhoti changa cha kutchalitchi ngati ndikukaonekera kukhoti.

Kumeneko tinapeza mkulu wina wosunga mabukuwo, a Kobal, munthu wolankhula monong'ona ngati pali wodwala. Ndiwo ankatimasulira Chilatini. Tinayamba kubwerera m'mbuyo: atate, kenaka agogo Anton, bambo awo Jernej, bambo a Jernej ndi Gašper, bambo a Gašper ndi Matevž. Ine ndinkangoti tsopano tifika kwa amisiri aja.

Kuseri kwa Matevž kunalibe kanthu. Tinafufuza buku la obatizidwa, la maukwati, la omwalira, zaka makumi asanu kubwerera m'mbuyo. Jerbasnik ngakhale mmodzi. Anthu oyamba kufika m'chigwa, koma osabadwa, osakwatira, osamwalira! Ine ndinatopa, maso akulasa, n'kunena kuti tiyeni tikamwe khofi.

Zarja anakana kudzuka. Anapempha buku lina, lija ansembe ankalembamo anthu a nyumba iliyonse. Patapita nthawi ndinangomva akundikoka mkono. M'mphepete mwa tsamba la chaka cha 1823 munali timalemba tating'ono ngati mapazi a nyerere. A Kobal anavala magalasi achiwiri pamwamba pa oyamba n'kutiwerengera. Ndakopera mawu ake monga anatimasulira:

"Matevž, mwana wotayidwa, wa miyezi iwiri, wochokera kunyumba yosungira makanda ku Trst. Makolo ake sadziwika. Wabwera naye Urša, mkazi wa Mlakar, m'dengu pamutu. Analibe dzina la banja. Ndamulemba kuti Jerbasnik."

Mwamva, achimwene? Atate sananame kuti dzina lathu ndi la dengu. Kungoti ife sitinaluke dengulo, tinabwera tili m'kati mwake.

A Kobal anatifotokozera kuti masiku amenewo amayi a m'midzi yathu ino ankayenda wapansi mpaka ku Trst, mzinda wa m'mbali mwa nyanja uja, kukatenga makanda otere kuti adzawayamwitse. Makanda ambiri ankafera m'njira, ndipo amene ankakula ankabwezedwa kapena kusanduka abusa a eni nyumba. Tinatsegula masamba akutsogolo kuti tione za wathuyu. Patatha zaka makumi awiri Matevž anali akadali m'nyumba ya Urša, mwamuna wa mayiyo atamwalira kale. Pafupi ndi dzina lake wansembe wina anawonjezera kuti mayiyu amakakamira kuti uyu ndi mwana wake. Munda wa kumtunda uja, umene inu ndi ine tinakumbamo mbatata mpaka zikhatho kuchita matuza, unali wa Urša. Anamusiyira Matevž.

Ine ndinaphulika kuseka, m'chipinda chimene ngakhale kutsokomola amakuyang'ana ndi diso lofiira. Ndinaseka mpaka misozi, kenaka ndinazindikira kuti sindikusekanso koma ndikulira. Zarja sanaseke. Anangoyang'anitsitsa timalembato, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amayi, ndiye kuti woyambayo anali ngati ine."

Ndaikamo chithunzi cha tsambalo kuti mudzionere nokha, paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Pobwerera tinadzera kunyumba ya okalamba kukaona azakhali a Pepca, mlongo wawo wa atate. Zaka makumi asanu ndi anayi mphambu chimodzi, koma tinawapeza akubera anzawo pa makadi. Ndinkaopa kuti nkhaniyi iwakhumudwitsa. Anamvetsera mpaka kumapeto, anaika makadi chafufumimba kuti Zarja asawaone, n'kunena kuti tsopano amvetsa chifukwa chake m'banja lonse la amisiri oluka simunapezeke ndi mmodzi yemwe wotha kuluka ngakhale chisa cha nkhuku. Anati atate akanakhala moyo akanapeza njira yonenera kuti khandalo linali la mfumu ya ku Vienna. Akupatsani moni, ndipo akuti muli ndi mutu wouma ngati chitsa cha mtengo wa peyala.

Palinso china chimene a Kobal anationetsa pa kompyuta yawo. Boma lili ndi kaundula wa mayina, ndipo munthu ukalemba dzina amakuuza kuti m'dziko muno muli anthu angati a dzinalo. A Novak ndi zikwizikwi, ukaponya mwala pamsika ugenda Novak. Tinalemba lathu. A Jerbasnik m'Slovenia monse tilipo asanu. Iwo anati tili pampenipeni, chifukwa dzina likatsika kuchoka pa anthu asanu salionetsanso, amangoti ndi losowa.

Tsopano werengani nane, poti kusukulu masamu munkakhoza ndinu. Ine, mmodzi. Azakhali, awiri. Msuweni wathu Drago wa ku Maribor ndi mkazi wake, anayi. Inu simuwerengedwa chifukwa muli kunja, ndipo ana anu aakazi anatenga mayina a amuna awo. Wachisanu ndani?

Wachisanuyo ndi Zarja.

Mukukumbukira tsiku la maliro a atate, anthu atabalalika, inu ndi ine tili kukhitchini. Ndinakuuzani kuti ndikufuna kumutenga mwanayu mwalamulo kuti akhale wanga, atengenso dzina lathu. Inu munati dzina si chikhoti choti n'kumabwereka aliyense amene mvula yamupeza panjira. Munati dzina limayenda ndi magazi, ndipo ngati litha, lithe ndi ulemu wake. Ine ndinakuyankhani kuti munthu wothawira ku Canada, wosiya atate akudwala m'manja mwa mlongo wake, alibe pakamwa m'nyumba muno. Mawu amenewo anali oipa ndipo sanali oona, chifukwa ndikudziwa mmene munkalirira pafoni. Ndikhululukireni.

Koma sindinakumvereni. Ndinapita kukhoti, ndinayenda m'maofesi onse, ndipo mu Juni chaka chatha zonse zinatheka. Zarja ndi mwana wanga, ndipo pa mapepala ake onse palembedwa Jerbasnik. Ndinauza alamu kuti asakuuzeni, choncho musawakalipire, mlandu ndi wanga. Miyezi isanu ndi inayi ndakhala ndikukubisirani, ine amene ndimadzitama kuti sindiopa munthu. Ndinkakuopani, achimwene. Ndinkaopa kuti mukamva, ngakhale moni wa Khirisimasi uja utha.

Sindikulemba kuti ndikugonjetseni ndi tsamba la m'buku. Chabwino, pang'ono pokha, poti mukundidziwa. Pobwerera m'basi ndinkakonza mawu okulasani nawo, ndipo ena anali okoma kwambiri. Koma pali nkhani yoposa kupambana kwanga.

Pa 24 Meyi abishopu akubwera ku parishi yathu kudzalimbitsa ana, ndipo Zarja ali m'gulumo. Mukudziwa mwambo wake: mwana aliyense amafunika mboni, munthu woima kumbuyo kwake n'kuika dzanja paphewa pamene abishopu akumudzoza. Bambo mfumu anapereka mapepala oti ana alembepo dzina la mboni yawo. Ine ndinatchula anthu angapo, aphunzitsi ake, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, mkazi wa Drago. Iye ankangopukusa mutu.

Lachisanu ndinapeza pepalalo patebulo. Anali atalembapo dzina lanu.

Ndinayamba kuzungulirazungulira. Ndinati ku Canada n'kutali, ndinati bondo lanu silingalole ulendo wa ndege, ndinati atsikana amasankha mboni yaikazi. Iye anati anafunsa kale bambo mfumu ndipo anamuuza kuti amalume akhoza kuimira mwana wa mlongo wawo. Kenaka anandiuza kuti ndisiye kumubisira, chifukwa zonse anazimva yekha. Tsiku lija la maliro anali m'kachipinda kosungira zakudya, akudula keke ya potica yoti alendo otsala adye, chitseko chili chotseka pang'ono. Za chikhoti, za mvula, za magazi, zonse zinalowa m'makutu mwake. Mwana wa zaka khumi ndi ziwiri anatuluka ndi mbale, anagawira alendo, ndipo kwa zaka ziwiri sanandiuze kanthu.

Ndinamufunsa kuti nanga bwanji akusankha munthu amene ananena zimenezo, pamene pali anthu ambiri omukonda. Yankho lake ndalisunga monga analinenera:

"Amalume sankadana ndi ine, sankandidziwa n'komwe. Iwo ankalondera dzina. Pano dzinalo ndi langanso, ndiye ndikufuna munthu wolilondera choncho ndi amene aime kumbuyo kwanga."

Mwana amene ndinkaganiza kuti ndikumuteteza kwa inu anakumvetsani kuposa ine amene tinayamwa bere limodzi.

Ndiye pempho langa ndi limeneli, ndipo ndikulipempha nditagwada, ngakhale simukundiona. Bwerani mu Meyi. Chipinda chanu chilipo, ndichotsamo mabotolo a uchi. Ngati mukufuna kundikalipira, mudzandikalipire pamaso, ndidzakhala chete mphindi zisanu zathunthu. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ife tatsala ochepa kwambiri kuti tizitayana.

Bambo mfumu akufuna mapepalawo pofika Lamulungu la kanjedza. Zarja wanena kuti mukakana salemba dzina la wina. Akuti adzachoka pamzere wa chaka chino, anzake onse alimbitsidwe, iye adikire chaka chamawa kuti adzakupempheninso. Ndamuyesa njira zonse, sakusunthika. Nkhani ya mutu wouma ija, zikuoneka kuti siyendera magazi.

Chinthu chimodzi chokha: musayankhe kudzera mwa ine kapena mwa alamu. Wapempha ndi iyeyo, ndipo tsiku lililonse akamachokera kusukulu amayamba watsegula bokosi la makalata. Kaya muvomera kaya mukana, mulembereni mwini wakeyo ndi dzanja lanu. Keyala ndi yomweyi ya nyumba imene munabadwiramo. Pa envulopupo mudzayenera kulemba dzina lake lonse.

Mundiperekere moni kwa alamu a Cvetka, muwauze kuti ndawamasula pa chinsinsi chija. Moni kwa ana anu ndi amuna awo, ndipo adzukulu muwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu m'bondomo ndi kufewa mumtima, mpaka tidzaonane maso ndi maso.

Ndine mlongo wanu wovuta uja,

Milojka Jerbasnik