Njinga ya Achimwene Iyenera Kuthyoka

Lolemba, 2 Meyi

Yatha! Njinga ya achimwene yaima yokha pa matayala ake atatu. Mfundo yomaliza ndawotcherera masana. Dzanja lapsa, m'maso ngati muli mchenga, koma zilibe kanthu.

Yopalasa ndi manja. Mpando wotsika, kuti azidzikweza okha. Pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndi imeneyi. Mapaipi amene sukulu inapereka ndi a njinga imodzi basi, ndiye ndakhala ndikudula mwamantha ngati telala wodula nsalu ya eni.

Chigwereni pansanja kuntchito yawo yomanga n'kufa miyendo, achimwene sanatulukepo pageti. Chaka chadutsa. Kutacha ndi pakhonde, kuyang'ana mapaipi awo a nsanja amene anaunjikidwa kumpanda. Munthu asayerekeze kuwakhudza. Amati adzakweranso. Amayi amangoti, "Inde bambo," n'kulowa m'nyumba.

Lachinayi, 5 Meyi

A Thyolani aiona. Dzinali tinawapatsa ndife, ndipo si lachabe: mphunzitsi ameneyu chilichonse mungapange, mawu ake ndi amodzi omwewo. Aizungulira, aigogoda ndi kiyi, ati yakongola. Ine mano onse panja. Kenako ati Lachisanu la sabata yamawa ilowe m'makina opsinja, ipanikizidwe mpaka ithyoke.

Ndimayesa nthabwala. Ndawaonetsa masamu a pakompyuta, oti inyamula anthu atatu olemera ngati achimwene. Ati kompyuta sinawotchererepo chitsulo. "Chinthu chimene simunachithyole simukuchidziwa." Ikapanda kuthyoledwa palibe digiri, ndi kubwereza chaka.

Munthu wouma mtima bwanji! Miyezi yonseyi ine ndikumwa utsi, iwo akungofuna amve phokoso. Nkhomaliro yandikanika. Ndalira m'chimbudzi cha kuwekishopu, magolovesi ali m'manja, ngati chitsiru.

Loweruka, 7 Meyi

Ndapita nayo kunyumba. Kusukulu ndanena kuti ndikukayesa mpando. Zoona zake, ndimafuna achimwene aione isanafe.

Poyamba matama. "Injiniya, chimenechi n'cholimira kapena n'chogayira?" Koma maso osachoka pamenepo. Adzikweza okha, akana kuti ndiwagwire. Kuzungulira pabwalo, kuzunguliranso, kenako, "Tsegula geti."

Mayo ine! Atsetsereka msewu wonse mpaka kwa ometa, ine pambuyo liwiro, nsapato m'manja. Abwerako ndevu zitachoka, thukuta lili kamukamu, akuseka mpaka galu wa aneba kuuwa. Kuseka kumeneko ndinali nditakuiwala. Amayi anangoima pakhomo atagwira pakamwa.

Madzulo ndaitenganso, ndati yatsala penti. Sindinawauze.

Lachiwiri, 10 Meyi

Wachidule, mnzanga wa m'kalasi, akuti ndine wogona. Ndiwotcherere kachidutswa kapadera, ndithyole kameneko, manambala enawo tiphika. Zophika ndakana, koma za kachidutswa ndapita nazo. A Thyolani avula magalasi. "Achimwene anuwo azidzakwera kachidutswa?" Ndatuluka osatsazika.

Ndadutsa kogulitsa zitsulo kukafunsa mtengo wa mapaipi ena. Ndangoseka, wogulitsayo nayenso waseka.

Amayi pafoni: dzulo achimwene achapa okha malaya awo a kuntchito. Akuti akufuna akaone anzawo kumene akumanga. Akufunsa ngati penti yauma.

Lachitatu, 11 Meyi

Ndawauza achimwene zoti njinga ikathyoledwa. Pafoni, poti ndine wamantha.

Amvetsera mpaka ndamaliza. Kenako, "Ndiye unandionetsa msewu kuti undilandenso?" N'kudula.

Sakunama. Ndikanaisiya kusukulu konkuno bwenzi asakudziwa chimene akutaya. Ndiithawitse, ndibwereze chaka? Amayi ndiwayang'ana bwanji, mmene avutikiramu? Ndiithyole, achimwene abwerere pakhonde? Mutu waima.

Lachinayi, 12 Meyi

Ndaipaka penti. Yofiira. Wachidule akuti ndapenga, ndani amadzoza mafuta mbuzi yokapha? Ndamuuza asamale zake. Ndinalonjeza penti, bola chimodzi chokha chikhale choona.

Lachisanu, 13 Meyi

Yathyoka.

Ndaimanga ndekha m'makina. Batani ndadina ndekha, a Thyolani ati adine ndi mwini wake. Singano ya makina ikukwera. Kulemera kwa munthu mmodzi. Mmodzi ndi theka. Kenako khotcho! Pansi pa mpando penipeni. Atatu anga aja osafika n'komwe.

Ndatola chidutswacho. Kunja mfundo yosalala, yomwe ija ndinkaitanira anthu kuti adzaone. M'kati mphako zokhazokha, moto sunalowe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. A Thyolani ati munthu akagwera m'dzenje la pamsewu ali pa liwiro, mphamvu yake imaposa pamenepo.

Msewu wa kwa ometa uja. Motsetsereka muja, maenje okhaokha. Ine pambuyo ndikuseka. Ndakhala pasimenti pamaso pa kalasi yonse.

Ndimadikira kuti anene zoti anandiuza. Sananene. Atulutsa anzanga onse, akhala pandowa pafupi nane, munthu wamkulu ndi tayi yake. Ati chinthu choyamba chimene iwo anapanga chinali jeke yokwezera galimoto, ndipo inathyokera kwa mwini wake, osati m'makina. Sanapitirize, inenso sindinafunse. Ati ndilembe chimene chaithyola, mosabisa, digiri ili m'menemo.

Digiri ilipo. Nanga achimwene?

Lachitatu, 18 Meyi

Lipoti ndapereka. Zithunzi za mphako zija, tsamba lathunthu, manyazi anga poyera. A Thyolani awerenga ataimirira, agwedeza mutu, ati mawa ndiyambe kuwotcherera tizidutswa n'kumatidula pakati mpaka moto uzilowa.

Achimwene foni sakuyankha. Amayi akuti malaya aja abwerera m'sutikesi.

Lamulungu, 22 Meyi

Ndapita kunyumba, chidutswa chili m'chikwama. Ndawapeza pakhonde, ndevu zayambanso. Moni wanga ayankha ndi mphuno.

Ndangowapatsa chidutswacho. Achitembenuza, alowetsa chikhadabo m'mphakomo, achiyang'ana padzuwa. Nthawi yaitali ndithu. "Thabwa limene linandigwetsa lija, nalonso linkaoneka bwino." Aka n'koyamba kutchula za tsiku lija ine ndikumva.

Kenako aloza kumpanda. Afunsa ngati m'mapaipi amenewo mungatuluke njinga ziwiri. Ndati zituluka, ndi olemererapo, masamu ndiyambiranso, koma achimwene, si a nsanja yanu amenewo? Simunati mudzakweranso? Andiyang'ana. "Ukuyesa sindikudziwa?"

Amayi adzuka, ati akaanule zovala. Pachingwe panalibe chovala.

Ndafunsa kuti ziwiri n'zachiyani, munthu ndi mmodzi. Ati sukulu yonseyi koma mutu ulibe. "Yoyamba unathyola kale. Yachiwiriyo ukaithyolenso. Ine ndidzakwera yachitatu."

Ndathawira kuchipinda kuti asandione nkhope. Ndikulemba izi nditakhala pabedi. Panja sowo yayamba kulira, akudula okha, paipi ataigoneka pamiyendo. Akukuwa kuti Injiniya asiye zolembalemba, abwere adzagwire mbali inayo, chitsulo chikuthawa.

Ndikupita.