Tudorel salira, kodi tim'bweze?

Aphungu,

Ine mantha sindiwadziwa. Chimbalangondo chinandipeza ndikuweta nkhosa, ndinangochitong'olera maso, mpaka lero chimandilambalala. Koma kamwana ka zaka ziwiri kandigwetsa ulesi ndi mantha.

Boma litakhazikitsa lamulo lotseka nyumba zikuluzikulu za ana amasiye n'kumawapereka m'mabanja, ine ndi mkazi wanga Viorica tinalandira Tudorel. Amadya bwino, kukongola ngati ndinabala ndine. Vuto n'lakuti salira. Tsiku lina anagwira chitofu chamoto, chala chinachita thuza, iye anangochiyang'ana n'kukakhala pakona, kumadzigwedeza yekha. Tikam'goneka masana, ndimakam'peza ataima m'kabedi, ali zii, maso pachitseko. Ndikalowa, masowo amandipyola ngati kumbuyo kwanga kuli wina. Ndimacheuka, Aphungu. Ine amene.

Apongozi anam'manga ulusi wofiira pamkono n'kulavula pambali. Akuti, "Mkamwini, mwatibweretsera chiyani muno? Ngakhale mwana wa mphaka amalira. Uyu mzimu anausiya komweko." Viorica wayamba kuopa kutsala naye. Dzana anati, "Inu a ngwazi inu, kam'bwezeni kuofesi ya ana. Ine ndatopa kuyang'anidwa."

Kodi tim'bweze?

G.D., Barlad

A G.D.,

Chimbalangondocho mundiperekere moni, koma mwanayo musam'bweze. Mzimu ali nawo. M'nyumba zotero wolera mmodzi amatha kupatsidwa chipinda chodzaza makanda. Khanda limalira, palibe wobwera. Mawa limaliranso, palibe wobwera. Kenako limangoleka. Pachitsekopo Tudorel sakuona mzukwa, akudikira ngati kubwere munthu.

Ndiye muzibwera. Akangotsokomola, fikani. Akagwa, m'nyamuleni ngakhale ali duu, mudandaule ndinu: "Mayo, bondo lathu." Mupite naye kwa dokotala amuone makutu ndi thupi lonse. Kuofesiko pitani ndithu, koma mukapemphe munthu wodziwa za ana otere aziyendera banja lanu. Viorica watopa, ndipo kutopa si nkhanza. Muzimulandirako ntchito yolerayi, a ngwazi, nkhosa zidikire. Apongozi ulusi ausiye pamkonopo, koma mawu ajawo asadzawanenenso mwana ali pomwepo. Kusalira si kusamva.

Chenjerani: mukam'bweza, mwam'tsimikizira kuti ankachita bwino kukhala chete. Ndipo tsiku limene adzakuwe mpaka agalu a m'mudzi kubisala, musadzam'kalipire. Adzakhala akuitana inu. Thamangani.

Aphungu