Kit Apita Kumtunda Ngati Chikole cha Chimanga

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YOYENDETSA LINGA LA MARLCOMBE, KU VIRGINIA

Tsiku: Lolemba, pa 15 Januwale 1610
Malo: M'tchalitchi, popeza nyumba ya komiti tinaiphwasula n'kusonkhera moto

Opezekapo:
Bwana Edmund Thrale, Wapampando
Kaputeni Roger Hask, mkulu wa asilikali
Abusa Josias Pennock
A Walter Tegg, osunga nkhokwe
Ambrose Lidgate, mlembi

Osapezekapo:
A Dokotala Fenner. Sanatumize chipepeso. Tinawaika m'manda Lachisanu.

1. Kutsegula

Abusa anapemphera atakhala pansi, atapepesa kuti maondo sakuwalolanso kuimirira.

2. Zolembedwa za msonkhano wapitawo

Zinawerengedwa. Kaputeni anadandaula kuti mlembi amalemba "eni dziko" ponena za anthu a kumtunda kwa mtsinje, chikhalirecho dzikoli ndi la Mfumu ya ku England. Wapampando analamula kuti mawuwo asinthidwe. Mlembi wawasintha, koma chimanga chikadali chawo.

3. Za chakudya

A Tegg anati munkhokwe mwatsala fungo lokha. Akavalo anatha, agalu anatha, makoswe nawo achenjera, ndipo anthu ayamba kuwiritsa nsapato ndi malamba. Anatinso amuna awiri amene anatuluka mumpanda kukakumba mizu sanabwerere. Mmodzi anapezeka kuchitsime ali ndi mivi kumsana. A Tegg anapempha kuti pamanda paikidwe mlonda. Wapampando atafunsa chifukwa, a Tegg anati, "Bwana, musandiyankhulitse zimenezo m'tchalitchi muno." Mlonda anavomerezedwa ndipo panalibe wofunsanso.

4. Uthenga wochokera kumtunda

Wapampando anati amithenga awiri akudikira kudooko. Mfumu yawo yavomera kutumiza mabwato a chimanga posinthana ndi mkuwa ndi nkhwangwa, koma yati mawu a Angerezi sachedwa kuwola. Choncho ikufuna chikole monga mwa mwambo wawo: mwana wa mtsogoleri wathu akakhale kwawo mpaka masika. Tikasunga mtendere, adzamulera ngati wawo. Tikawaputa, woyamba kufa ndi iyeyo.

Abusa anati koma a Thrale alibe mwana. Wapampando anati zimenezo akuzidziwa kuposa aliyense. Anafotokoza kuti chaka chatha ali kumtunda, mfumuyo inawaseka kuti mtsogoleri wanji wopanda mwana, iwo n'kuyankha mwamanyazi kuti ali naye, mnyamata wamphamvu, anamusiya kulinga. Kaputeni anati anthu a kumtunda mwanayo sanamuonepo, ndiye mnyamata aliyense akwana.

A Tegg anati mnyamata amene akutha kuyenda yekha mumpanda muno watsala mmodzi. Onse anayang'ana pansi. Mnyamatayo ndi Kit, wa zaka khumi, mwana wa mlembi.

Mlembi anakana. Kaputeni anati, "Iwe wolembalembawe, anthu onsewa afe chifukwa cha kamwana kako kamodzi? Ukamaliza nsapato zako udya chiyani, mapepalawo?" Mlembi anayankha mawu amene Wapampando analamula kuti asalembedwe. Sanalembedwe, koma Kaputeni anawamva bwinobwino.

Anaitanidwa mayi a mwanayo, Mayi Dorcas Lidgate. Atamva zonse anati kwa mlembi, "Bambo a Kit, musalimbane nawo. Kuno ndimupatsa chiyani ine? Dzulo ndinamupeza akutafuna kandulo. Kumeneko anthu amadya. Apite, bola ndizimva kuti ali moyo." Anapempha chinthu chimodzi, kuti Wapampando alumbire kuti tidzasunga mtendere. Wapampando analumbira atagwira Baibulo, ndipo Mayi Lidgate anatuluka.

Mlembi anapempha kuti apite limodzi ndi mwanayo, ngakhale ngati wantchito wake. Abusa anati sizingatheke, chifukwa Kit anatengera nkhope ya bambo ake yonse, mphuno ndi makutu omwe, moti ngakhale wakhungu angadziwe kuti ndi wa ndani. Pa chifukwa chomwecho anagwirizana kuti mlembi asapite kudooko. Wotsanzikana naye pamaso pa amithenga akhale Wapampando.

Kit analowetsedwa. Wapampando anamuveka chipewa chawo chanthenga, chimene chinamufika m'maso, namuuza kuti awatchule kuti bambo. Mwanayo anatembenukira kwa mlembi. Mlembi anali kulemba. Kit atauzidwa kachitatu anatchula, koma motsitsa, ndipo Kaputeni anamubwerezetsa mpaka mawu anamveka kukhomo. Potuluka Kit anafunsa ngati kumtundako kuli buledi. A Tegg anamuyankha kuti, "Kuli chabwino kuposa buledi, mwanawe," n'kutembenukira kukhoma.

Chigamulo: Kit anyamuke mawa m'mawa. Ovomera anayi, wokana mmodzi.

5. Zina ndi zina

Kaputeni anapempha kuti chitseko chitsekedwe. Anati chimanga cha m'mabwato ndi chongonyambitira, sichingatifikitse masika, ndipo iwo anaona pamene pali nkhokwe zazikulu za anthu a kumtunda, kuseri kwa mudzi wawo. Anati popeza anthuwo adzakhala ndi chikole m'manja, adzagona tulo. Asilikali akangodya masabata awiri n'kupezako mphamvu, apite ndi mfuti, atenthe mudziwo, atute chimanga chonse.

Abusa anakumbutsa za lumbiro. Kaputeni anati lumbiro kwa anthu osabatizidwa silimanga Mkhristu. Abusa anati amene analumbiriridwa ndi Mayi Lidgate, ndipo ndi obatizidwa. Wapampando anati iwo analumbira kusunga mtendere malinga ndi mmene zinthu zingalolere. Mlembi sanawamve mawu omalizirawo polumbira paja, ndipo m'thupi mwake monse makutu okha ndiwo njala sinawafike.

A Tegg anati zoona, chimanga cha m'mabwato sichikwana. Ananena zimenezi akulira, koma dzanja anakweza.

Chigamulo: asilikali anyamuke Loweruka, pa 3 Febuluwale. Ovomera atatu, okana Abusa ndi mlembi. Wowulula nkhaniyi anyongedwe pachipata. Kaputeni anawonjezera kuti, "Ngakhale kwa mkazi wako, wamva? Mkazi akalira, mpanda wonse udziwa, kumtunda nakonso kudziwa." Anayankhula ngati akuuza onse, koma maso anali pa munthu mmodzi.

Mlembi anafunsa ngati Kit adzaitanitsidwe asilikali asananyamuke. Kaputeni anati kumuitanitsa n'chimodzimodzi kuwaombera belu anthu a kumtunda. Mlembi anafunsa kuti nanga mwanayo zidzamuthera bwanji. Anafunsanso. Wapampando anati funsolo ndi lolemera, lofunika kuliganizira mofatsa, choncho likhale loyamba pa msonkhano wotsatira.

Mlembi akuchita mantha, ndipo palibe lamulo la komiti loletsa kulemba zimenezo.

6. Msonkhano wotsatira

Wapampando anasankha Lolemba, pa 5 Febuluwale. Mlembi anawauza kuti pofika tsikulo asilikali adzakhala atapita kale. Wapampando anati kalendala akuidziwa.

7. Kutseka

Abusa anapemphedwa kutseka ndi pemphero. Anati alibe pemphero loyenera zimene zakambidwa muno, ndipo Wapampando anatseka yekha dzuwa lili paliwombo.

Chitseko chitatsegulidwa, Mayi Lidgate anali panja pa chisanu, atanyamula malaya a Kit amene amawasoka. Anagwada nathokoza Wapampando chifukwa chopulumutsa mwana wawo. Kenako anafunsa mlembi kuti, "Mwachedwa chiyani mkatimo, bambo a Kit? Pali chinanso?" Kaputeni anali ataima pambali pawo. Mlembi anayankha kuti palibe.

Edmund Thrale, Wapampando

Ambrose Lidgate, Mlembi