Botolo Lija Musalinyamule

Lachisanu, 21 Epulo

Okondedwa Achemwali,

Musanawerenge zambiri chitani ichi kaye. Botolo lalikulu ndinakutumizirani pa 25 Malichi lija musalinyamule, musalisunthe, musalitsuke ndi madzi ofunda. Ngati muli vinyo, lisiyeni pomwe lilipo, mulifunditse bulangete lokhuthala. Foni yanu ndayesa kasanu ndi kawiri kuyambira Lachitatu koma sikulowa, ndiye kalatayi ndapatsira dalaivala yemwe uja anabweretsa botololo. Mukatero khalani pansi ndikufotokozereni.

Lachiwiri pa 18, itangokwana 10 koloko m'mawa, kuntchito tinalipo atatu: a Mapapo, eni ake, amene amauzira galasi, a Wodula, amene amapala milomo ya mabotolo, ndi ine. A Mapapo anali pa ng'anjo akupinda timapaipi tija tagalasi tokhala pakamwa pa botolo, totulutsa mpweya wa mowa osalola wakunja kulowa. Kenaka analowa bambo wina, telala, atanyamula thumba. Moni sanapereke. Anangokhuthula thumbalo patebulo. Zibenthu za botolo zokhazokha, zina zili ndi magazi ouma.

"Anauzira ichi ndani?" anafunsa.

A Wodula, amene pakamwa pawo sipatsekeka, anati, "Achimwene, galasi si chitsulo. Mukaligwetsa limayankha."

"Silinagwe," anatero telalayo. "Mkazi wanga amalikweza kuti aliike pa benchi. Khosi linatsala m'manja, tako linachoka lokha, malita makumi awiri. Mtsempha wa kuphazi waduka, amusoka malo khumi ndi anayi. Adokotala akuti adzayenda, koma mayendedwe ake sakulonjeza."

A Wodula anayang'ana pansi. Tsiku limenelo sanasekenso.

Achemwali, inu kuno simunafikeko, ndiye ndikuuzeni mmene ntchito yathu imakhalira. Galasi likachoka pa ng'anjo limakhala ndi mkwiyo. Kunja kumazizira msanga m'kati mukadali moto, ndiye limakokana lokha. N'chifukwa chake timaliika mu uvuni wozizitsira, ndipo uvuniwo ndi wanga. Ndimatsitsa moto kasanu ndi kamodzi, ola lililonse kamodzi, kenaka chitseko chimakhala chotseka mpaka m'mawa. Ndikatsitsa ndimalemba nthawi m'buku. Botolo losazizira bwino simungalidziwe ndi maso. Limawala ngati linzake, limatha mwezi lili phee, tsiku lina n'kungothyoka.

A Mapapo anatola tako lija. Gulu lililonse la mabotolo timalikanda nambala pansi, ndipo apa panali 9. Anatenga timapulasitiki tawo tiwiri takuda, kena kutsogolo kwa galasi kena kumbuyo, n'kuloza kuzenera. Galasi labwino limangooneka lotuwa. Ili linaonetsa mitundu ngati utawaleza.

"Akalaliki, buku," anatero. Ndi mmene amanditchulira.

Ndinawapatsa. Anatsegula pa 9 Malichi n'kuwerenga mokweza, chala chili pamzere. "Teni, leveni, thwelofu, wani, thu, fili. Zonse zilipo." Anatseka bukulo pang'onopang'ono. "Buku la mkulu uyu latha zaka zisanu ndi zitatu osanama. Ngati uvuni unayenda bwino, ndiye ndi manja angawa. Ndakalamba, ndayamba kusiya tako lokhuthala."

Anapepesa kwa telala uja atavula chipewa, nanena kuti mabotolo aakulu sadzauziranso. Munthu amene wakhala pa ng'anjo zaka makumi atatu ndi zinayi. Ine ndinaima pambali pawo, buku lili m'khwapa.

Tsopano apa ndi pamene cholembera chikundilemera. Pa 9 Malichi mukupadziwa, ndi tsiku limene alamu anu, mkazi wanga, anachira. Foni ya anamwino inandipeza 11:20, akuti bwerani msanga, mwana sanagone bwino m'mimba. A Mapapo anali atapita kukagula gasi, a Wodula anali atapempha tsiku. Moto ndinali nditatsitsa kawiri kokha. Ndinaopa kutseka nyumba uvuni ukuyaka, ndiye ndinauzimitsa wonse, chitseko n'kuchitsegula pang'ono, polowa zala ziwiri. Mwana anabadwa 4:40 madzulo, makilo atatu ndi pang'ono. M'mawa mwake ndinalawirira, mabotolo onse khumi ndi awiri ndinawapeza athunthu, okongola. Ndinati Mulungu wandikhululukira. Ndinatenga cholembera n'kudzaza mizere inayi yotsalayo. Palibe anandituma.

Lachitatu ndi Lachinayi tinakhalira kusaka mabotolo a gulu la 9. Telala anagula awiri, lachiwiri analibweza. Sitolo yogulitsa zofululira mowa inatenga asanu ndi limodzi: anayi anali akadali pashelefu, awiri tinawalondola kunyumba za ogula. Kunyumba ina tinapeza mayi atatereka kale madzi pamoto oti atsukire. A Wodula anafuula ali pageti, "Mayi, madziwo phikirani tiyi!" Mayiwo anationa ngati amisala, mpaka titawaonetsa utawaleza uja pazenera lawo. Awiri ena anali kwa aphunzitsi opuma, odzaza vinyo wa malalanje wa masabata atatu. Anatikaniza kuwakhudza, akuti tidikire apse. Tinachita kuwapopera vinyoyo m'zidebe ndi kapaipi, iwo akutiwerengera madontho.

Pobwerera Lachinayi, cha m'ma 4, a Mapapo amayendetsa galimoto. Kumbuyo mabotolo amagundana m'mabulangete, ndipo pa bampu iliyonse ine ndimadzidzimuka. Kenaka anati, "Akalaliki, mawa mulembe chikwangwani. Paipi yanga yaikulu youzira galasi ija ndikugulitsa."

Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinawapempha aime, ndipo ndinawauza zonse, ndi maola omwe. Sanandiyang'ane. Manja anali pa chiwongolero, zipsera za moto zikuoneka.

"Mukanandiuza pa 10 Malichi," anatero, "tikanawabwezera mu uvuni. Tsiku limodzi basi, ndi gasi wochepa. Mayi uja bwenzi akuyenda."

Ndinati, "Ndinaopa, bambo."

"Munaopa ine? Ndinayamba ndakumenyani?"

Anatulutsa timapulasitiki takuda tija m'thumba la malaya n'kutiika m'manja mwanga. Anati kiyi wa uvuni ndisiye patebulo, ndipo ndisaukhudze mpaka botolo lomaliza la 9 litalowa pakhomo. Anatinso kwa mkazi wa telala ndipite ndekha, ndikanene ndi pakamwa panga. Ndikupita mawa, nthawi yoona odwala ya 12 koloko. Alamu anu sindinawauze. Akuyamwitsa, ndipo nkhaniyi ili ndi tsiku la mwana wathu m'kati, ndiye chonde mukamalankhula nawo musayambe ndinu.

Masamu ake ali chonchi. Limodzi linasweka, asanu ndi anayi tawapeza, ndiye khumi. Pashelefu yathu gulu la 9 linasakanikirana ndi la 8, limene ndi labwino, ndipo pali mabotolo atatu amene sindikudziwa nambala zake. Awiri anagula bambo wina wa galimoto yobiriwira pa 22 Malichi, dzina sanasiye, anangoti amafulula kumunda kwake. Botolo lachitatu ndi lanu, limene ndinasankha ndekha pothokoza zovala za mwana munatitumizira zija. Ndinasankha lowala kuposa onse. Mwa atatuwa limodzi ndi la 8, awiri ndi a 9.

Ndiye ndikupempha motere. Vinyoyo mumupope ndi kapaipi botolo lili pansi pomwepo, musadikire kuti apse. Likauma, alamu, amuna anuwo, avale nsapato zotseka ndi magolovesi, aligoneke pa bulangete, aone nambala kutako. Ikakhala 8, lisungeni, lidzakutumikirani mpaka ukalamba. Ikakhala 9, alikulunge m'thumba aliswe ali chapatali, tako lokhalo mupatsire dalaivala, abwerera kuno Lolemba pa 24. Ngakhale ikhale 8, mulembe pakapepala andibweretsere.

Achemwali, kupemphera kwandisokonekera. Ndikati Ambuye lanu likhale la 8, ndiye kuti onse awiri oipa ali kwa munthu amene sindidziwa kolowera kwake. Ndikati likhale la 9, ndiye kuti ndinanyamula chinthu chimenechi ndi manja anga n'kuchiika m'nyumba ya mlongo wanga. Ndimangogwada basi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti akandikalipira ndimva. Moni kwa ana onse. Kachitsiriza kanu kaja munandiuza kuti kamakonda kukhala pansi pambali pa botolo, chibwano pa galasi, kakuwerenga thovu likamatuluka. Mukanyamule mukatulutse, ngakhale kalire. Mukauze kuti amalume adzakapangira kambalame ka galasi, kozizira maola ake onse. Khanda lathu kuno likukula, layamba kutsatira nyali ndi maso, ndipo amayi ake akuti mphuno ndi yanu.

Mawa ndikachoka kuchipatala ndikaima pamphambano ya msewu wopita kuminda, mwina galimoto yobiriwira ija idutsa. Lamulungu ndikaimanso.

Mabotolo otsala ndi awiri.

Ndine mlongo wanu wamng'ono.